Miyendo ikamawawa, kodi ndi piritsi la statin?

Pa mzere wa odwala BP ndi shuga, anthu akamadikira kuitanidwa ndi anamwino, nkhani ya mankhwala siichedwa kuyamba. Wina amati chiyambireni kumwa kapiritsi kochepetsa mafuta m'magazi kaja, miyendo yake ikulemera, kachitunda kakang'ono mpaka kupumira panjira. Wina amati usiku akatumba amakokana mpaka tulo kubalalika. Wina amangoti thupi lonse likuphwanya, wakayezetsa malungo koma osapezeka. Kenako pamapezeka wogamula mlandu: "Ndi mankhwalawo amenewo achimwene, ine ndinasiya kalekale."

Kapiritsi kakunenedwaka ndi ka m'gulu la mankhwala otchedwa statin. Pakapepala kake pamalembedwa simvastatin, atorvastatin, rosuvastatin kapena pravastatin. Ndi amodzi mwa mankhwala omwedwa kwambiri padziko lonse, komanso ndi amodzi mwa amene anthu amasiyira panjira kwambiri, ndipo chifukwa chimene amapereka kawirikawiri ndi kuwawa kwa minofu. Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri amasiya mwakachetechete. A BP akumwa, a shuga akumwa, koma awa anangowaponya m'kabati, uku adokotala akulembabe m'buku la kuchipatala kuti apitirize, osadziwa kuti wodwala anaima kalekale.

Munthu amene akuti miyendo ikuwawa akunena zoona, ndipo ayenera kumvedwa. Koma umboni umene wasonkhanitsidwa m'zaka zaposachedwa ukusonyeza kuti nthawi zambiri ululuwo suchokera ku mankhwala ali m'piritsimo. Mfundo ziwirizi sizitsutsana. Moyo wa munthu amene anadwalapo sitiroko ungadalire kuti iye ndi dokotala wake agwire zonse ziwiri pamodzi.

Mankhwala ochokera m'chuku

Anatulukira mankhwalawa ndi katswiri wa ku Japan, Akira Endo, mwana wa mlimi wa m'chigawo cha Akita, amene anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 90. Akugwira ntchito kukampani ya Sankyo ku Tokyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Endo anayesa mitundu ya chuku pafupifupi 6,000 kufuna umene ungatseke njira yomwe thupi limapangira cholesterol. Anaupeza pa mpunga wochokera m'sitolo ina ku Kyoto. Mankhwala akewo sanafike pamsika, koma anatsegula njira, ndipo mu 1987 dziko la America linavomereza lovastatin wa kampani ya Merck kukhala statin woyamba kugulitsidwa.

Cholesterol wambiri amene ali m'magazi mwathu sachokera m'mbale. Amapangidwa ndi chiwindi, n'chifukwa chake munthu wochepa thupi, wosadya zonona, angapezeke naye wochuluka. Ma statin amachepetsa liwiro limene chiwindi chimapangira cholesterol, ndipo chiwindicho chikaona kuti chapereweredwa chimayamba kukoka wina kuchokera m'magazi, makamaka wa mtundu wa LDL, uja amamatirira m'kati mwa mitsempha mpaka kuitseka. Mtsempha ukatsekeka kumtima, mtima umagwidwa. Ukatsekeka kuubongo, ndiye sitiroko ija imasiya munthu wofa ziwalo mbali imodzi.

Kukayikira kuti mankhwalawa amapulumutsadi moyo kunatha mu 1994. Kafukufuku wa m'mayiko a ku Scandinavia wotchedwa 4S anatsatira anthu 4,444 odwala mtima kwa zaka zoposa zisanu, ndipo imfa pakati pa omwa simvastatin zinatsika ndi 30 peresenti poyerekeza ndi amene ankamwa piritsi lopanda mankhwala. Kuchokera pamenepo kafukufuku wina wamkulu wakhala akubwereza uthenga womwewo, ndipo bungwe la WHO linaika simvastatin pamndandanda wake wa mankhwala ofunikira.

Zoopsa zilipodi

Amene amaopa mankhwalawa sakuopa mphepo. Mu Ogasiti 2001 kampani ya Bayer inachotsa pamsika statin wake wotchedwa cerivastatin, amene ankagulitsidwa ndi mayina a Baycol ndi Lipobay, anthu 31 atamwalira ku America kokha. Chinawapha ndi matenda otchedwa rhabdomyolysis. Minofu imasweka, zam'kati mwake zimakhuthukira m'magazi, n'kukatseka impso. Ambiri mwa omwalirawo ankamwa mlingo waukulu, kapena ankaphatikiza ndi mankhwala ena a mafuta otchedwa gemfibrozil.

Phunziro lachiwiri linabwera ndi simvastatin yemwe. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa SEARCH anagawa anthu pafupifupi 12,000 pawiri, ena kumwa mamiligalamu 80 patsiku, ena 20. Pakati pa omwa 80, anthu oposa 50 anawonongeka minofu moonekera m'magazi, pomwe kwa omwa 20 sanapitirire awiri. Mu 2011 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaletsa madokotala kuyambitsa munthu watsopano pa mlingo wa 80. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti anthu ena amabadwa ndi chiwindi chochedwa kuyamwa simvastatin kuchokera m'magazi, choncho mankhwala amatsalira ochuluka n'kukafika kuminofu. Chibadwa chimenechi chimapezeka kwambiri mwa azungu kusiyana ndi mwa anthu a kuno ku Africa.

Kodi zoterezi zimagwera anthu angati? Mu 2016 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Rory Collins wa ku Oxford linalemba m'magazini ya The Lancet kuti anthu 10,000 akamwa mlingo wabwino wa statin kwa zaka zisanu, pafupifupi asanu ndi amene amawonongeka minofu kwenikweni, ndipo mmodzi mwa iwo angafike pa rhabdomyolysis ngati sasiya msanga. Pa anthu omwewo, ngati anali atadwalapo kale mtima kapena sitiroko, pafupifupi 1,000 amapulumuka ku ngozi ina yotere. Ngati anali asanadwalepo koma ali pachiopsezo, amapulumuka pafupifupi 500.

Zizindikiro za ngoziyo munthu aliyense womwa statin ayenera kuzidziwa, ngakhale kuti ndi ochepa amene adzakumana nazo. Ululu umakhala waukulu, mbali zonse ziwiri, m'ntchafu, m'mapewa kapena kumsana. Kufooka kwake n'kwenikweni: munthu amalephera kudzuka pampando osagwira, amalephera kukweza manja kuti apese tsitsi. Mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, mwinanso umachepa. Izi zikaoneka palibe zodikira tsiku la kiliniki. Siyani piritsilo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nenani kuti mumamwa statin, chifukwa kwathu kuno mkodzo wakuda umachititsa aliyense kuganiza za malungo aakulu kapena likodzo. Musathamangire Brufen, Indocid kapena diclofenac wa pagolosale, popeza mankhwala amenewa amalemetsa impso zomwe zili kale pamavuto.

Palinso vuto lina losowa kwambiri, la anthu awiri kapena atatu pa 100,000 alionse, lomwe chitetezo cha m'thupi chimatembenukira minofu ya mwini wake. Chizindikiro chake n'chakuti kufooka kumapitirira ngakhale munthu atasiya statin kwa miyezi. Limeneli limafuna akatswiri ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezocho.

Mabotolo 12

Koma anthu a pa mzere wa kiliniki ambiri sakunena za mkodzo wakuda. Akunena za kuwawa kwa tsiku ndi tsiku, kumene magazi akayezedwa sasonyeza chilichonse. Apa ndi pamene madokotala anasokonezeka kwa zaka zambiri. M'zipatala, munthu mmodzi pa khumi alionse, pena oposa pamenepo, ankadandaula za minofu. Koma m'kafukufuku amene wodwala ndi dokotala yemwe sankadziwa amene akumwa mankhwala enieni ndi amene akumwa piritsi lopanda kanthu, madandaulo ankakhala pafupifupi ofanana mbali zonse.

Chitsanzo chochititsa chidwi chinachokera ku kafukufuku wa ASCOT wa ku Britain, Ireland ndi Scandinavia. M'gawo loyamba, pamene anthu sankadziwa chimene akumwa, omwa atorvastatin sanadandaule za minofu kuposa anzawo. Gawolo litatha, anthu omwewo anauzidwa poyera kuti amene akufuna atha kumwa atorvastatin. Pamenepo madandaulo a minofu pakati pa omwa mankhwalawo anakwera ndi 41 peresenti kuposa a osamwa. Mankhwala anali omwewo, mlingo womwewo. Chinasintha ndi chakuti tsopano ankadziwa.

Madokotala a ku Imperial College ku London anaganiza zofunsa funsoli kwa wodwala aliyense payekha. Anapeza anthu 60 amene anali atasiyiratu statin chifukwa cha zowawa zomwe zinayamba pasanathe masabata awiri chiyambireni kumwa. Awa ndi anthu amene anali otsimikiza mtima kuti mankhwalawa sawayanja. Aliyense anapatsidwa mabotolo 12, limodzi pamwezi, mosakaniza. Anayi munali atorvastatin wa mamiligalamu 20. Anayi munali mapiritsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala. Anayi otsalawo munalibe kanthu, mwezi umenewo munthu sankamwa chilichonse. Tsiku lililonse ankalemba pafoni kukula kwa zowawa zake, kuyambira 0 mpaka 100.

Zotsatira zinatuluka mu Novembala 2020. M'miyezi yosamwa kanthu, zowawa zinali pa 8.0. M'miyezi ya atorvastatin zinakwera kufika pa 16.3, kuwirikiza kawiri, ndipo wina akanaima pomwepo akanati mlandu watha. Koma m'miyezi ya piritsi lopanda mankhwala zinali pa 15.4. Ndiye kuti magawo 9 mwa 10 a ululu umene unkabwera ndi statin unkabweranso ndi piritsi lopanda kanthu. Anthu ena ululu unkawakulira mpaka kusiyira botolo panjira, ndipo izi zinachitika maulendo 40 pa mabotolo a statin ndi maulendo 31 pa mabotolo opanda mankhwala.

Taganizirani munthu amene wasiya botolo chifukwa miyendo yakana, kenako n'kuuzidwa kuti munalibe mankhwala. Iye sananame. Ululu anaumvadi. Madokotala amatcha zimenezi nocebo: thupi likayembekezera choipa, ubongo umatchera khutu ku kalikonse kochokera m'minofu, n'kukakulitsa, ndipo mitsempha yonyamula ululu imagwiradi ntchito. Zimachitikira ophunzira ndi osaphunzira, olimba mtima ndi amantha.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufukuyu, wotchedwa SAMSON, ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Ofufuzawo sanakangane ndi odwala. Anangokhala nawo pansi n'kuonetsa aliyense zimene iye mwini analemba chaka chonse, mwezi ndi mwezi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, theka la anthu 60 aja linali litayambiranso kumwa statin. Kafukufuku wina wofanana naye wa anthu 200, wotchedwa StatinWISE, anatuluka mu 2021 ndi zotsatira zomwezo, ndipo awiri mwa atatu alionse amene anamaliza anati ayambiranso.

Mu 2022 akatswiri a ku Oxford ndi ku Sydney anaphatikiza kafukufuku 19 wa anthu 123,940. Mwa omwa statin, 27.1 peresenti anadandaulapo za kuwawa kapena kufooka kwa minofu. Mwa omwa piritsi lopanda mankhwala anali 26.6 peresenti. Kusiyana kwakung'onoko kunali pafupifupi konse m'chaka choyamba, anthu 11 owonjezera pa 1,000 alionse. Malinga ndi kuwerengera kwawo, pa madandaulo 15 alionse a minofu ochokera kwa omwa statin m'chaka choyambacho, limodzi lokha ndi limene linayambitsidwadi ndi mankhwalawo. Onaninso chiwerengero chinacho: munthu mmodzi pa anayi alionse amene sankamwa mankhwala enieni anamva kuwawa. Pa msinkhu umene anthu amayambira statin, thupi limakhala litayamba kale kudandaula palokha.

Ziwerengero zisakhale chotsekera pakamwa

Ndikuopa kuti ziwerengerozi zingagwiritsidwe ntchito molakwika, dokotala wotopa n'kungoti, "Ndi maganizo chabe amenewo mayi, pitirizani kumwa." Yankho lotere limathamangitsa wodwala, ndipo silolondola. Limodzi pa 15 si ziro. Pa anthu mamiliyoni ambiri omwa mankhwalawa, limeneli ndi khamu lalikulu la anthu amene minofu yawo ikuvutikadi ndi statin. Komanso kafukufuku ali ndi malire ake. SAMSON anayesa anthu 60 okha, pa mankhwala amodzi ndi mlingo wapakati. Kafukufuku wamkulu wambiri ankapatula okalamba kwambiri, odwala impso ndi omwa mankhwala ambirimbiri, amenenso ndi omwe ali pachiopsezo chachikulu, ndipo anthu a ku Africa analimo ochepa. Ku Oxford komweko anapeza kuti mlingo waukulu umabweretsa madandaulo ochulukirapo kuposa waung'ono.

Ululu wochokeradi ku statin uli ndi maonekedwe ake. Umagwira mbali zonse ziwiri mofanana, m'minofu ikuluikulu ya m'ntchafu, m'matako, m'akatumba ndi m'mapewa. Umayamba m'masabata kapena miyezi yoyambirira, kapena mlingo ukangokwezedwa, kapena munthu akawonjezera mankhwala ena. Umazilala m'masabata ochepa akasiya, n'kubwereranso akayambiranso. Bondo limodzi lotupa si statin. Dzanzi ndi kutentha kwa kuphazi nthawi zambiri ndi shuga amene wawononga mitsempha. Ululu wotsika kuchokera m'chiuno mpaka mwendo umodzi umachokera kumsana. Akatumba owawa poyenda n'kusiya munthu akaima angakhale chizindikiro chakuti mitsempha ya m'miyendo yatsekeka, matenda amene statin amathandiza, ndipo kusiya mankhwala pamenepo ndi kudzipweteka. Chithokomiro chofooka chimabweretsa zonse ziwiri, cholesterol wokwera ndi minofu yowawa, choncho n'chofunika kuchiyeza. Mowa wambiri nawo umawononga minofu pawokha.

Pali kuyeza magazi kotchedwa CK kumene kumasonyeza ngati minofu ikusweka, ngakhale kuti m'zipatala zing'onozing'ono sikupezeka kawirikawiri. Woyeza ayenera kukumbukira zinthu ziwiri. Anthu akuda, makamaka amuna, CK yawo imakhala yokwererapo mwachibadwa kuposa ya azungu amene malire ambiri a m'mabuku anachokera kwa iwo. Ndipo munthu amene dzulo lake wagwira khasu tsiku lonse kapena wapalasa njinga ya katundu adzapezeka ndi CK yokwera popanda statin aliyense.

Ngozi ya kuphatikiza mankhwala

Ngati pali mbali ya nkhaniyi imene ikutikhudza ife mwapadera, ndi iyi. Simvastatin, lovastatin komanso atorvastatin amaphwanyidwa m'chiwindi kudzera njira imene mankhwala ena amatha kuitseka. Njirayo ikatsekeka, piritsi limodzi limagwira ntchito ngati mapiritsi ambiri, ndipo rhabdomyolysis yambiri imayambira pamenepa.

Oyamba pamndandanda ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir, amene amapatsidwa kwa anthu omwe mankhwala oyamba anasiya kuwagwira. Munthu womwa amenewa sayenera kumwa simvastatin ngakhale pang'ono, ndipo atorvastatin amafunika mlingo wochepa. Mwayi wake, ambiri ku Malawi kuyambira 2019 anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene salimbana ndi statin. Koma munthu amatenga ma ARV kukiliniki ina, a BP kwina, ndipo si onse amene amamasuka kutchula ma ARV pawindo la famase anthu ali pambuyo. Apa chinsinsi chingathe kuvulaza.

Enanso otseka njirayo ndi erythromycin ndi clarithromycin, amene amaperekedwa pa chifuwa ndi matenda ena, komanso mankhwala a mafangasi monga ketoconazole, itraconazole ndi fluconazole. Amlodipine, yemwe ambiri a BP amamwa, amakweza simvastatin m'magazi, ndipo malangizo ndi akuti awiriwa akaphatikizidwa simvastatin asapitirire mamiligalamu 20. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa statin. Chipatso cha grapefruit ndi madzi ake zimatsekanso njira ija, pomwe malalanje ndi manachesi wamba alibe vuto.

Izi sizikutanthauza kuti amene ali ndi HIV azipewa statin. Kafukufuku wa REPRIEVE, amene anatuluka mu 2023, anatsatira anthu 7,769 omwa ma ARV a zaka 40 mpaka 75 m'mayiko 12, kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi Uganda. Onse anali asanadwalepo mtima. Omwa pitavastatin, statin amene sagundana kwenikweni ndi ma ARV, ngozi za mtima ndi sitiroko zinawachepera ndi 35 peresenti, mpaka kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa phindu linali litaonekeratu. Mavuto a minofu anagwera 2.3 peresenti ya omwa mankhwala ndi 1.4 peresenti ya omwa piritsi lopanda kanthu. Kwa dziko limene anthu ambiri tsopano akukalamba ali pa ma ARV, uwu ndi umboni wapafupi nafe kuposa wina uliwonse.

Shuga, chiwindi, kuiwala

Vuto la ma statin limene umboni wake ndi wolimba, koma limakambidwa mochepa, ndi shuga. Mu 2010 kuphatikiza kwa kafukufuku 13 wa anthu oposa 91,000 kunapeza kuti mwayi wopezeka ndi matenda a shuga umakwera ndi 9 peresenti, kutanthauza munthu mmodzi wowonjezera pa anthu 255 omwa kwa zaka zinayi. Mlingo waukulu umakweza kwambiri kuposa pamenepo. Ambiri mwa amene amawoloka malire ndi omwe shuga wawo anali kale m'mphepete, onenepa kapena a kubanja la shuga. Ndi chifukwa chokwanira choyezetsera shuga musanayambe komanso nthawi ndi nthawi. Koma amene ali kale ndi shuga ndi ena mwa anthu opindula kwambiri ndi statin, popeza chimene chimapha odwala shuga ambiri ndi mtima ndi sitiroko.

Chiwindi chimatha kusonyeza kusintha pang'ono m'magazi, kumene nthawi zambiri kumatha kokha. Kuwonongeka kwenikweni n'kosowa, moti mu 2012 FDA inachotsa lamulo loyeza chiwindi pafupipafupi. Maso akasanduka achikasu, apo mpofunika kuchipatala. Chaka chomwecho bungweli linawonjezera chenjezo lakuti ena amadandaula za kuiwalaiwala, koma kafukufuku wamkulu amene anayeza nzeru za anthu sanapeze kusiyana pakati pa omwa ndi osamwa. Sitiroko ya mtsempha wophulika ingachuluke pang'ono, anthu 5 mpaka 10 pa 10,000 m'zaka zisanu, pomwe sitiroko ya mtsempha wotsekeka imachepa kuposa pamenepo. Mayi woyembekezera, wofuna kutenga pakati kapena woyamwitsa nthawi zambiri amauzidwa kuti ayambe waima.

Mantha nawo ali ndi mtengo wake. Mu 2013 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza nkhani ziwiri zonena kuti pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse amavutika ndi statin. Olembawo anabweza chiwerengerocho pambuyo pake, koma nyuzi ndi wailesi za ku Britain zinali zitachifalitsa kale. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 200,000 anasiya mankhwala m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira mkanganowo, ndipo izi zikanatha kubweretsa ngozi za mtima ndi sitiroko zoposa 2,000 m'zaka khumi. Masiku ano mantha otere amayenda pa WhatsApp, kawirikawiri pamodzi ndi nambala ya wogulitsa zakumwa "zosungunula mafuta". Zina mwa zogulitsidwa ngati zachilengedwe, monga mpunga wofiira wowitsidwa ndi chuku wa ku China, muli lovastatin yemweyo, mlingo wake wosadziwika. Nawo mapiritsi a coenzyme Q10, amene amatsatsidwa kuti amathetsa ululu wa statin, kafukufuku sanagwirizane kuti amathandiza.

Nanga achite chiyani munthu amene miyendo ikuwawa koma zizindikiro zoopsa zija palibe? Njira imene madokotala amatsatira ndi yoyesa. Mogwirizana ndi dokotala, amaima kwa masabata awiri mpaka anayi. Ululu ukapitirira, gwero lili kwina ndipo liyenera kufufuzidwa. Ukatha, amayambiranso, chifukwa kutha kokha sikutsimikiza kanthu, monga mabotolo a ku London anasonyezera. Ukabwereranso, amachepetsa mlingo kapena kusintha mtundu, kuchoka pa simvastatin kupita pa atorvastatin, rosuvastatin kapena pravastatin. Atorvastatin ndi rosuvastatin amakhalitsa m'thupi, choncho ena amamwa modumphitsa tsiku n'kupezabe phindu. Kafukufuku wa m'zipatala za ku Boston wa mu 2013 anapeza kuti mwa anthu amene anasiya chifukwa cha zowawa n'kuyesanso, oposa 90 pa 100 alionse anali akumwabe patatha chaka.

Kwa ochepa amene alephera zonsezi pali ezetimibe, piritsi lotsekereza cholesterol m'matumbo, lomwe mphamvu yake ndi yocheperapo. Kunja kulinso bempedoic acid ndi majakisoni monga evolocumab ndi alirocumab, koma mtengo wake ndi woti anthu ambiri kuno sangaufikire.

Kulemera kwa chisankhochi sikofanana kwa aliyense. Amene anagwidwapo mtima, anadwalapo sitiroko ya mtsempha wotsekeka, kapena wakhala ndi shuga zaka zambiri, ayesetse njira zonse asanataye statin. Koma munthu wa zaka 45 amene sasuta, BP yake ili bwino, alibe shuga, ndipo anangouzidwa kuti cholesterol wakwera pang'ono, ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, kodi chiopsezo changa n'chachikulu bwanji, ndipo mankhwalawa achichepetsa motani?" Kwa ena otere phindu limakhala laling'ono moti kusintha kadyedwe ndi kuyenda kwambiri kungakhale poyambira pabwino.

Popita kukakambirana zimenezi, nyamulani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a kukiliniki ina, ogula kufamase ndi azitsamba omwe. Lembani tsiku limene munayamba statin, tsiku limene ululu unayamba, malo ake enieni, ndiponso ngati pali mankhwala atsopano amene munalandira m'masabata amenewo. Ngati munasiya kale kumwa, nenani mwezi umene munasiya, kuti cholesterol akapezeka wokwera adokotala asakuwonjezereni mlingo poganiza kuti wakale uja wachepa mphamvu.